Mtengo wa Bambo Aukwirira Mpaka M'khosi

Toshkent, mwezi wa Julayi

Okondedwa achimwene a Davron,

Landirani moni wa mlongo wanu kuno ku Toshkent, kumene dzuwa latiyesa buledi wa m'ng'anjo. Muli bwanji nonse? Bondo la Amayi likuwalola kufika kumunda, kapena akungokulamulani ali pakhonde? Ife tilipo. Mwana wathu Oysha wamera mano ndipo akuwayesa pa aliyense. Bambo ake, amuna anga a Sarvar, akupita kuntchito ndi kubwerako, sadwala, sadandaula, saona kanthu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Pa foni sindingathe. Apongozi anga a Salomat samva ndikawauza kuti tiyi wapsa, koma ndikangonong'ona ndili kubafa amafunsa ali kukhitchini kuti ndikunena ndani. Ndiye ndampatsira wa takisi wa kwathu ku Kuva uja. Muwerenge muli nokha, Amayi asaione.

Nkhani ndi ya mtengo wa mapichesi wa Bambo. Aukwirira wamoyo.

Mukukumbuka kuti adaumezanitsa chaka chimene ndinkakwatiwa, kuchokera ku mtengo waukulu wa kuseri kwa khola, wa zipatso zoyera m'kati zija. Anzanga amalowa m'banja ndi makapeti, ine ndidalowa ndi kamtengo pamiyendo, mizu yokulunga m'chiguduli chonyowa, madzi akudonthera pa diresi njira yonse. Waukulu uja udafa ndi chisanu, Bambo nawo adatisiya. Ndiye mtundu umenewu watsala umodzi wokha, ndipo waima pabwalo limene mawu anga salemera ngakhale ngati a mphaka.

Zidayamba ndi a Mavluda, aneba athu. Iwo adamangira mitengo yawo timipanda ta njerwa kuzungulira tsinde, nkudzalamo maluwa. Apongozi adakwera pa ndowa, nkusuzumira, nkutsika nkhope itagwa. Tsoka lake nthawi yomweyo Nigora, mlongo wawo wa a Sarvar, wakula, ndipo azimayi ofunsira mbeta adali atayamba kugogoda. Mukudziwa mmene amachitira. Mtsikana amangomuponyera diso akamathira tiyi, koma bwalo amaliyendera ngati abwera kudzaligula.

Ndidachoka tsiku limodzi lokha, kupita ndi Oysha kusikelo. Pobwera ndidapeza mtengo wa Bambo uli m'chitsime. Njerwa kufika m'mawondo, zopaka simenti, zomata zidutswa za mbale zobiriwira, m'kati dothi lakuda lodzaza mpaka pakamwa, pamwamba adzala timasamba tafungo tija ta rayhoni kuti bwalo lizinunkhira. M'mbali mwake aikamo mbalame ziwiri zosema pa matayala, zopaka laimu. Apongozi akuti ndi atsekwe. Mmodzi ndingavomere. Winayo ndi nkhuku yogundidwa ndi galimoto.

Inu sindikukuuzani zachilendo. Mudadya nawo makofi a Bambo tikaunjika zinyalala patsinde. Pamene thunthu limakumana ndi mizu pamafuna mphepo. Mukapakwirira ndi dothi lonyowa khungwa limawola kuzungulira, ndipo mtengo umafa pang'onopang'ono masamba ali kumwamba osadziwa kanthu. Bambo adandiphunzitsa zimenezi ndi khofi limodzi. Ku yunivesite adandiphunzitsa zomwezo kwa zaka, ndi mayina aatali. Pepala lija lili m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo. Apongozi amalitulutsa kukabwera anthu, amati taonani mtengwa wathu ndi dokotala wa mitengo, kenaka amalibweza nkundituma kukasenda kaloti.

Ndipo mukudziwa amene amathirira rayhoniyo, m'mawa ndi madzulo, ndowa yodzaza? Dokotala wa mitengo yemweyo. Ndikupha mtengo wa Bambo ndi manja angawa, pa nthawi yake, osajomba.

Musaganize kuti ndidangokhala. Mtengwa sanena kuti ayi, ndiye ndidalowera kumbali. Ndidawathirira tiyi, dzanja pachifuwa, nkunena kuti Amayi, mpanda wanu ndi wokongola moti a Mavluda sakugona, koma bwanji titaukuza? Ndidati tichotse dothi, tiike miyala yosalala ya kumtsinje mozungulira, patali ndi thunthu ngati mkono, kuti mtengo uoneke ngati wakhala pa mphasa yakeyake. Ati miyala ndi ya kumanda, ndikufuna kuitanira ndani?

Ndidati nanga njerwa zongozika chopendeka, ngati mano a sowo, zopaka laimu, m'kati nkuyalamo udzu wouma kuti chinyezi chisathawe? Ati udzu ndi wa m'khola, ofunsira mbeta adzayesa tikukwatitsa mbuzi.

Ndidati timitengo tanthete toluka ngati dengu, tatifupi, monga ankachitira Bambo kuzungulira makangaza. Apa adandiyang'ana nthawi yaitali, nkunena mokoma mtima kuti mwana wanga, ungachoke ku Kuva koma Kuva sachoka mwa iwe. Kuno ndi kumzinda, dengu timapita nalo kumsika.

Ganizo lomaliza ndidagwada nalo. Ndidati mpanda ukhale, rayhoni akhale, atsekwe akhale ndithu mpaka aikire mazira, koma timange kampanda kena kakang'ono m'kati, thunthu likhale pa mphako lizipuma. Ati mphakoyo muzigwera zinyalala ndi zinkhanira, Oysha adzapisamo dzanja, ndiye ndisankhe pakati pa mtengo ndi mwana. Adamaliza ndi kunena kuti iwo akhala akudzala zinthu ine ndisanabadwe, ndipo palibe chidawafera kupatula apongozi aamuna. Ndidati chabwino Amayi. Ndidatsuka makapu.

Zitakanika pakamwa ndidayesa kuba. Posesa bwalo m'mamawa ndinkabisa supuni m'thumba, nkumafukula pang'onopang'ono kuzungulira thunthu. Achimwene, chimene ndidapeza pansipo sindikufuna kuchikumbuka. Khungwa lada, lafewa ngati buledi wogwera m'ngalande, likununkha chowawasa. Ndidalisiya poyera kuti liume. Apongozi ataona dzenjelo adati ndi mphaka wa a Mavluda, wotumidwa ndi mwini wake chifukwa cha nsanje. Mphakayo adalandira silipasi ya pamsana popanda mlandu. Kenaka adakwiriranso, ulendo uno ndi ndowe za ng'ombe, ati mtengo upeze mphamvu.

Tsopano thunthu likutuluka utomoni, mikanda mikanda, ngati uchi wakuda. Ndidawaonetsa. Ati wanenepa, ukutuluka mafuta. Pamene unali wosasamalidwa unkatuluka chiyani?

Ndidapita kwa a Sarvar, mwamuna amene ndidamusankha ndekha ndi maso anga awiri, palibe adandikakamiza. Adamvetsera bwinobwino, mutu ukugwedera. Kenaka ati ndisawaike pakati. Mtengo angandigulire wina kumsika, nanga amayi awo akawagula kuti? Nditawauza kuti zipatso zayoyoka zili zazing'ono ngati mtedza, ndipo Amayi kumudzi akudikira dengu lawo la chaka ndi chaka, ati tigule mapichesi abwino kumsika titumize, adziwa bwanji? Adziwa bwanji! Amayi amene amati akanunkhiza chipatso chimenechi amatseka maso, ife tonse nkudziwa kuti ali ndi Bambo. Ndidawafunsa a Sarvar ngati nanenso nditafa angakagule wina kumsika Oysha osadziwa. Ati ndimakonda kukulitsa nkhani, ndiye vuto la akazi ophunzira.

Ndinkadikira kuti ofunsira mbeta abwere, aone, apite, kenaka ndigwetse njerwazo ngakhale ndi mutu. Adabwera atatu, ovala zonyezimira. Adakana kulowa m'nyumba, ati kukutentha. Adakhala pamphepete pa mpanda womwewo, pamthunzi wa mtengo wakufawo, nkumathyola rayhoni, nkumanunkhiza. Azakhali a mnyamata wofuna Nigorayo adasisita zidutswa za mbale zija nkunena kuti nyumba yosamala mitengo chonchi ndiye yolera bwino ana aakazi. Ine ndili pomwepo ndi thireyi, tsamba lachikasu nkugwera m'kapu mwawo. Adalichotsa ndi chala, nkupitiriza kuyamikira. Sabata yathayi adabweranso, adanyema buledi monga mwa mwambo wa chinkhoswe, ukwati wagwirizanidwa. Udzachitika akatha kutola thonje.

Ndiye mpanda uja tsopano ndi wamwayi. Apongozi alamula kuti njerwa ngakhale imodzi isasunthe mpaka mkwatibwi atatuluka pachipata. A Mavluda abwera kale kudzafunsa dzina la mmisiri. Ndipo Nigora, amene mnyamatayo amamukondadi, adandipeza ndikuchapa nkundigwira dzanja, maso ali ndi misozi, ati alamu chonde musaukhudze, ndikudziwa mumapita ndi supuni, sindinauze munthu, koma zinthu zikasokonekera amayi adzati ndi inu, ndipo ine ndikuopa. Apongozi ndingalimbane nawo mumtima tsiku lonse. Nanga uyu ndimutani? Supuni ndidaibweza kukhitchini.

Mtengowu sufika nthawi ya thonje, achimwene. Ngakhale atandipatsa nyundo lero, ndikukayika. Kuwola kwatsala pang'ono kukumana kuzungulira thunthu. Mbali ya kuchipata yauma kale. Ndasiya kufuna kuupulumutsa. Ndikufuna mtundu wake usathe.

Pempho langa ndi ili. Mubwere mwezi wamawa kumayambiriro, khungwa la mitengo yaing'ono lisanayambe kukakamira, ndipo mutenge mpeni wa Bambo womezanitsira uja. Ine nditadula kanthambi pamtengopo, ndiye kuti mtengwa wayamba kuwononga bwalo ukwati uli pafupi. Koma inu ndinu mlendo, wochokera kuchikazi, ndipo mlendo akapempha kanthu atakhala pa mphasa ya chakudya samanidwa. Apongozi angakupatseni ngakhale tsekwe mmodzi. Mwina onse awiri, Mulungu atatikomera mtima.

Koma mumvetse bwino, chifukwa ndimakudziwani. Mukalowa pachipata mudzaona zimene achita ndipo magazi adzakwera kumutu. Mudzafuna kufunsa kuti ndani wamisala wachita izi, monga mudachitira pa ukwati wa mbale wathu Komil mpaka amalume adakutulutsani. Musayerekeze. Inu mudzakwera takisi madzulo, ine ndidzatsala muno zaka zonse. Mudzaime, mugwire pachifuwa, munene kuti chinthu chokongola chonchi simunachionepo m'chigwa chathu chonse cha Fergana. Mufunse dzina la mmisiri. Muyamikire atsekwe, onse awiri. Mudye mpunga wawo mpaka mbale iyere. Pokhapo mudzanene, ngati mwangokumbukira, kuti mtengo wosamalidwa chonchi mukufuna mbewu yake kwanu, kuti nanunso mupeze mwayi wa ana anu aakazi. Adzakugwirirani makwerero okha.

Mudule tinthambi ta chaka chino, tonenepa ngati pensulo, mutichotse masamba pomwepo, mutikulunge m'nsalu yonyowa, ndipo musaime panjira kukacheza ndi anzanu a ku Kokand. Mukafika mumezanitse pa timitengo tomera tokha tija ta m'mbali mwa ngalande, kuseri kwa ng'anjo. Mumezanitse maso ambiri a tinthambito, paja pophukira tsamba, pa timitengo tingapo, ena adzakana. Dzanja lanu ndi lolemera koma Bambo ankati limagwira. Akagwira, mudzawauze Amayi zonse, ndipo mudzawauze muli pafupi ndi kamtengo kophuka kuti akhale ndi poyang'ana. Pakali pano muwauze kuti chaka chino matalala adawononga zipatso. Bodza limenelo tchimo lake ndi langa.

Yatsala nthambi imodzi yamoyo weniweni, ya kumbali ya khitchini, pamwamba pa nkhuku yogundidwa ija. Ndaimangirira ulusi wofiira kuti musasokoneze. Apongozi adandipeza ndili pa mpando ndikumanga. Adayang'ana ulusiwo, adayang'ana kumpanda wa a Mavluda, nkunena kuti ehee, tsopano ndiye wayamba kuganiza, ulusi wofiira ndiwo umatchinga diso loipa, ndipo la mayi uja lakhala likundidetsa nkhawa. Adandipsompsona pachipumi. Chilowereni m'nyumba muno, aka nkoyamba kuti maganizo anga pa nkhani ya mitengo alandiridwe. Madzulo adauza a Sarvar kuti sukulu ija siidapite pachabe.

M'mawa uliwonse ndimayamba ndawerenga masamba a nthambi imeneyo ndisanagwire tsache. Dzulo awiri a kunsonga adapindika. Mwina ndi dzuwa chabe. Musachedwe, achimwene, musadikire kuti mavwende athe kumunda, musadikire galimoto la mnzanu. Ndilibe wina woti ndimutume.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwapsompsone m'manja, muwauze kuti Oysha watenga chipumi chawo ndi ukali womwe. Moni kwa alamu anga a Feruza, kwa ana anu onse, makamaka Malika amene ndamva kuti wayamba kuyankha aphunzitsi. Mumusiye, adzakhala chete akadzakwatiwa. Moni kwa azakhali a Hojar ndi amalume a Tolib. Mukapita kumanda mukawauze Bambo kuti ndidayesa ndi supuni.

Ndilekere pano. Akundiitana pabwalo. Ati rayhoni wafota, ndowa ili pampopi.

Ndine mlongo wanu,
Hulkar