Apongozi akuti ndi tsempho, ine ndikuona zina

Aphungu,

Ndithandizeni msanga chonde, mutu wanga sukugwira. Ndine mayi wa ana awiri, ndili pachitengwa kuno ku Vubwi. Amuna anga ali ku Lusaka kumaganyu. Sukulu ndinalekeza giredi sikisi, ndiye mukhululuke kalembedwe.

Mwana wanga woyamba, Taonga, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chiyambire nthawi yokumba nsawa, mwanayu wasintha. Sakudya, waonda, wayambanso kukodza pamphasa chonsecho anasiya kalekale. Anali wolongolola, lero amangondikakamira chitenje. Apongozi akuti ndi tsempho. Anandifunsa anthu akumva kuti, "Mwamuna ali kutali, mwana watsempheka bwanji? Ulula, unathira mchere m'ndiwo utachokera kuti?" Aphungu, Mulungu ndi mboni, sindinayendepo ndi mwamuna wina.

Mwezi watha ndinapita kusikelo ndi wakhandayu. Kunabwera Mayi Esther a ku Katete. Anati ntchito yawo ndi kuyenda m'maboma kuphunzitsa apolisi, anamwino ndi anthu akumudzi za nkhanza zochitira ana. Atayamba kutchula mmene amaonekera mwana amene wina akumugwiragwira, ndinangoona ngati akunena Taonga. Anatinso, "Azimayi, musamangoopa mlendo wapamsewu. Onani amene mwana wayamba kumuthawa pakhomo pomwepo."

Taonga amathawa alamu anga a Kalisto, ang'ono awo a amuna anga. Ndiwo ankamutenga kudimba kuti azikaingitsa mbuzi. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinamufunsa bwinobwino, iye anangoti, "Anati ndikanena mudzafa inu amama." Basi n'kuyamba kulira.

Tsopano apongozi akonza zoti Loweruka mwana apite kwa sing'anga kumalire, akamwe mankhwala a tsempho, akagone konko. Womutenga panjinga ndi a Kalisto omwewo. Ndikakana, azinena kuti ndikubisa chigololo. Ndikanena zomwe ndikuganiza, umboni ndilibe, banja latha. Nambala ya Mayi Esther ndili nayo, koma anthu ophunzira ngati aja angandimvere ine? Nditani?

F.B., Vubwi

Mayi F.B.,

Mwana asakwere njinga imeneyo. Kaya akutukwaneni, kaya akunenereni zachigololo mudzi wonse, asakwere.

Musadikirenso Loweruka. Berekani khandalo, mugwire Taonga padzanja, muuze apongozi kuti mukupita naye kuchipatala. Simukunama, mwana woonda amapita kuchipatala. Mukafika pemphani kulankhula ndi namwino pambali, mumuuze mawu a mwanayo monga anawanenera, osawonjezera, osachotsera. Kuchokera apo pitani kupolisi, mukafunse ofesi ya Victim Support, yothandiza ochitidwa nkhanza. Mukasowa poyambira, imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.

Mukuti mulibe umboni. Kufufuza umboni ndi ntchito ya achipatala ndi apolisi. Ine sindingagamule kuti alamu anu alakwa, inunso musagamule. Koma mwana akauzidwa kuti akaulula mayi ake adzafa, pamenepo pali kanthu koyenera kufufuzidwa.

Mayi Esther aimbireni lero. Sanapereke nambala kuti muisunge m'chitenje. Iwo samanga munthu, koma amadziwa wapolisi ndi namwino woyenera kumuona. Za giredi sikisi musadandaule nazo: munamvetsa phunziro lawo kuposa ena onse amene anali pasikelo paja.

Musakafunse a Kalisto nokha, musauzenso apongozi zomwe mukuganiza, mwana angaopsezedwe kawiri. Uzani munthu mmodzi wa kwanu, amalume kapena alongo anu, kuti mukachoka kuchipatala mukafikire kumeneko ndi ana. Amuna anu muwaimbire mwana ali kale pabwino.

Taonga musamufunsefunse. Mungomuuza kuti, "Wachita bwino kundiuza. Ine sindifa, ndipo iwe sunalakwe." Ameneyu wakhala chete pofuna kupulumutsa inu, ndiye ayenera kumva mawu amenewa kuchokera pakamwa panu.

Chenjerani ndi ichi: nkhani ikamveka, abwera akuluakulu, mwina ndi mbuzi, kuti zithere pakhomo banja lisachite manyazi. Musavomere. Mlandu wa mwana suthera pamphasa, ndipo mukavomera, Taonga adzabwerera kudimba komwe kuja.