Zaka za Ndaziona

Lolemba, 6 Meyi

Fomu 1B indipha ndithu. Sabata yachiwiri tsopano tili pa chinthu chimodzimodzi: tall, taller, tallest. Ndalemba pa bolodi mpaka choko chandiyeretsa ngati wochokera kuchigayo. Ndikafunsa kuti mwamva, onse "Yes, Madam!" Ndikati pangani chiganizo, Jailos akuti "My goat is more fatter." Wina "gooder". Wina wangomata -est pa mawu alionse amene wakumana nawo. Theka la kalasi kulibe, ali kokumba mtedza ndi kosankha fodya. Amene abwerawo akungowodzera.

Ndiye mawa kukubwera mlangizi wa ku divishoni kudzaonerera phunziro langa. A hedi andiuza lero ndikutuluka mu sitafu, ngati nkhani yaing'ono. "Musatichititse manyazi, Madamu Caroline."

Wakhoza zonse ndi Ndaziona yekha. Madzulo anabwera pakhonde panga monga amachitira, tikuswa mtedza, koma sanali wosangalala. Akuti Enock wabwerera. Mwamuna wake yemwe uja anapita ku esiteti ku Kasungu n'kukhala zii zaka zitatu, kumusiya ndi mwana wakhanda. Tsopano akufuna banja lake. Malume ake a Nda, a Yesaya, aitanitsa ankhoswe Loweruka, ndipo mawu awo ndi omwe aja: sukulu ndi ya ana, iwe wakula.

Mtsikana ameneyu amandimvetsa chisoni komanso amandinyaditsa. Zaka 23, mwana wa zaka zinayi, koma anameta tsitsi, kubwereka yunifolomu, kudzayamba Fomu 1. Anasankha dala sukulu yathu ino ya kufupi ndi Nsaru chifukwa kwawo n'kutali, kuseri kwa Kabudula, kuno palibe womudziwa. Amakhala pa selufu, kudziphikira yekha m'kachipinda ka lendi, mwana ali ndi agogo ake. Thupi lake ndi laling'ono, anzake amamuyesa msinkhu wawo. Pasukulu pano wodziwa ndine ndekha ndi a hedi. Tsiku limene anandiuza anati, "Madamu, izi zikhale za ine ndi inu."

Ndamulimbitsa mtima. Iye akuti bola ali pasukulu, amayi ake ali mbali yake.

Za mawa: bolodi ndilisiya. Ndiimika ana enieniwo kutsogolo, aone ndi maso.

Lachiwiri, 7 Meyi

Mulungu wanga, ndachita chiyani ine?

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi. Mlangizi uja anakhala kumbuyo, bambo aulemu, osayankhula. Ndinaitana anyamata atatu kutsogolo. Tall, taller, tallest. Zinagwira! Kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope zikuwala. Short, shorter, shortest, kalasi yonse kuseka, ngakhale mlangizi anamwetulira. Mutu wanga unakula. Ndinati tiwonjezere chimodzi: old.

Ndinaimika Pamela, zaka 14. Jailos, 16. Kenako ndinafunsa wamkulu kuposa awiriwa. Palibe wodzuka. Mlangizi anayang'ana wotchi. Maso anga anagwera pa Nda ku kona kwake. Ndinamuitana. Anapukusa mutu pang'ono, ndinaona bwinobwino, koma ndinamuitananso. Anabwera.

"How old are you, Ndaziona?"

Anayang'ana pansi. Ndinafunsanso. Chete. Ndiye pakamwa pangapa, pakamwa ponunkhapa, panatuluka mawu: "She is twenty-three. So Ndaziona is the...?"

Kalasi yonse: "Oldest!"

Molondola. Koyamba m'masabata awiri onse ayankha molondola. Kenako wina kumbuyo anati "Twente-fili?!" ndipo phokoso linabuka. Pamela anasuntha pambali n'kugwira bondo ngati akupatsa moni apongozi. Nda sanalire. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kubwerera pampando.

Mlangizi wandiyamikira. Akuti phunziro lamoyo, ana atenga nawo mbali. A hedi andigwira chanza.

Madzulo sanabwere pakhonde. Ndapita ku chipinda chake, wandiyankhira m'kati kuti mutu ukumupweteka.

Lachitatu, 8 Meyi

Anabwera m'mawa. Ndinathokoza Mulungu msanga.

Pa desiki lake anapeza atalembapo ndi choko kuti AGOGO. Akudutsa pakhomo, anyamata kumuimbira "Oldest, Oldest" akuwomba m'manja. Ndipo sindikudziwa kuti za mwana azidziwa bwanji, koma pofika buleki zinali paliponse. Mtsikana wina wamufunsa ngati mkaka sukutuluka mu yunifolomu. Anatuluka nthawi ya buleki, sanabwererenso.

Ndinapsa mtima zoopsa. Ndawapatsa onse chibalo chotchetcha kuseri kwa zimbudzi, dzuwa lili pamutu. Pamela akutchetcha ananena mokweza kuti ndimve: "Komatu anayambitsa ndi Madamu omwewo."



Lachinayi, 9 Meyi

Chibalo chija chaipitsa zinthu. Ana akwiyira Nda, akuti atchetcha chifukwa cha gogo. Dzina lafika pamsika. Ndikudutsa pa chiwaya ndamva mnyamata wokazinga tchipisi, amene sanapondepo ku sekondale, akufunsa mnzake, "Kodi Oldest uja ndi uti?" Chingerezi chimene ndalephera kulowetsa m'mitu masabata awiri chayenda pa tredingi yonse tsiku limodzi.

Ku chipinda chake kuli loko. Mayi a nyumbayo akuti anachoka mbandakucha, watenga bulangete, poto ndi mabuku. "Wangoti akupita kwawo. Inu si aphunzitsi ake, eti? Mwamuchita chiyani mwanayu?"

Foni alibe. Ya amayi ake sikugwira. Ndayimba mpaka batire kutha.

Akakhala kumudzi Loweruka, wopanda sukulu yoti aloze, a Yesaya awina asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndipo wampereka m'manja mwawo ndine.

Sindinadye. Chakudya chikungozungulira m'kamwa.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndawauza a hedi zonse. Anamvetsera akusenda nthochi. Akuti mwalakwitsa inde, koma zaka si matenda, zikanadziwika ndithu. Akuti za m'banja la eni tisalowerere, tingadzaitanidwe kubwalo. Mwina akunena zoona. Koma iwo sanaone mmene Nda anandiyang'anira.

Mu 1B ndinalowa ndi zitsononkho zitatu ndi mbatata zitatu zimene ndinatola kuseri kwa khitchini. Long, longer, longest. Big, bigger, biggest. Anamva pompopompo. Ngakhale Jailos wasiya "more" wake uja. Ndinaima n'kuyang'ana zitsononkhozo, misozi ili m'maso. Zinali pomwepo masiku onsewa. Chitsononkho sichichita manyazi, sichikhala ndi malume.

Ana anaona kuti sindili bwino, anakhala phee. Ndinawauza m'Chichewa kuti mnzanu anandisungitsa chinsinsi, ine ndinachitaya kuti mlendo andiyamikire. Kuti chibalo chija chimayenera kukhala changa. Ena anawerama. Pamela amangoseweretsa cholembera.

Desiki la ku kona lili lokha. Mawu aja ndafufuta ndi kansalu konyowa, koma akuonekabe pang'ono.

Mawa ndipita kwawo kwa Nda. A hedi anene zimene anene.

Loweruka, 11 Meyi

Njinga yamoto mpaka Kabudula, kenako kabaza, fumbi mpaka m'makutu. Wakabaza anasochera kawiri. Ndinafika anthu atakhala kale pamthunzi wa chigafa, fodya ali lende m'mwamba. Amuna pamipando, amayi pamphasa. Enock ndinamudziwa ndi nsapato, zatsopano, zosongoka. Nda anali pakati pa amayi, atavala chitenje ndi duku, kamwana kake Hilda katatsamira pamwendo. Ndinatsala pang'ono kusamuzindikira. Amaoneka mayi weniweni.

Anandilandira bwino, kundipatsa malo pamphasa. Nda anandipatsa moni wa mlendo, wogwada, maso kumbali.

Ndimayesa ndabwera kudzamuthandiza. Kalanga ine. A Yesaya, bambo wamtali wa mawu ofewa, atangomva kuti ndine mphunzitsi anasangalala ngati ndawabweretsera mphatso. Nkhani inali itawafika kale.

"Mwachita bwino kubwera, Madamu. Ife tikamanena amatiyesa osaphunzira. Koma inu nomwe munamuimika pamaso pa bwana wa boma n'kunena kuti uyu ndiye wamkulu kuposa onse m'kalasi. Si choncho?"

Ndinayamba kufotokoza kuti sindimatanthauza zimenezo, kuti malamulo amalola, kuti ndi mwana wanzeru kwambiri amene ndaphunzitsapo.

"Ayi, tingofuna inde kapena ayi. Munanena kapena simunanene?"

Ndinati ndinanena.

"Basi. Zikomo. Zotsalazi n'za pabanja."

Amayi ake a Nda anangondiyang'ana. Bola akananditukwana.

Nkhoswe ya Enock inalankhula nthawi yaitali. Kuti mnyamata walapa, wabwera ndi malata, akufuna kumanga pompano pakwawo pa mkazi. Kuti mwana akufuna bambo. Enock ankangogwedeza mutu. A Yesaya anamaliza ndi kuti ana akusukulu amuseka, wathawa yekha, palibe amene wamuchotsa. Kenako anati mwini wake anenepo, mwamwambo chabe, akuyamba kale kupukuta fumbi pa thalauza.

Nda anamusuntha mwana, n'kukhala tsonga. Mawu ake sanakwere.

"Malume, mwati ndakula. Ndavomera. Ndinkabisa, koma pano sukulu yonse ikudziwa, msika wonse ukudziwa. Palibenso choti ndiope. Ndiye ngati ndili wamkulu, mwasonkhanitsiranji anthu kuti andisankhire pogona? Zaka zitatu mwanayu ndamudyetsa ndi maganyu, simunaitane bwalo. Bambo a Hilda mwana wawo azimuona, sindikukaniza. Koma m'nyumba mwanga salowa."

A Yesaya anafunsa mokwiya kuti nanga ubwereranso kokasekedwa ndi tiana? Nda anati, "Zimenezo ndiona ndekha."

Bwalo linatha mosalongosoka. Enock anakankha njinga yake osatsanzika. A Yesaya akuti asamba m'manja, asadzamve kuti akufuna thandizo.

Ndinamutsatira Nda kuseri kwa chigafa komwe amatsuka makapu. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Ndinangoti, "Nda, ndakulakwira." Sanadzutse mutu.

"Madamu, wakabaza wanu akudikira. Kukada njira imeneyi ndi yoipa."

Ndalira pa kabaza mpaka Kabudula. Bambo wopalasa uja anafunsa ngati kuli maliro.

Lamulungu, 12 Meyi

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Ndadutsa pa chipinda chake, loko ali pomwepo.

Lolemba, 13 Meyi

Pa asembule sindinamuone. Ndinayang'ana mzere wa 1B mpaka a hedi anandikodola kuti tikuimba nyimbo ya fuko.

Piriyodi yachitatu ndinalowa ndi mabotolo atatu, lero tinali pa more ndi most. Ku kona kunalibe munthu. Mtima unagwa. Ndikuika mabotolo patebulo ndi pamene ndinamuona. Desiki loyamba, pakati penipeni, pamaso panga. Yunifolomu yosita, fumbi la m'njira lili m'miyendo. Chitenje anachipinda n'kuchiika poyera pambali pa kope, osati m'chikwama monga kale.

Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kunamveka kamawu, "Oldest." Ena anayamba kuseka chamumtima. Ine ndinali nditatukula kale dzanja, koma Nda anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe Pamela. Ine ndayenda wapansi kuchokera ku Kabudula, ndasiya mwana akulira. Sindinabwerere iwe. Tsegula kope."

Pamela anatsegula kope. Kalasi yonse inatsegula makope. Zaka zonse ndaphunzitsa sindinamvepo 1B ili chete chonchi.

Ndinayandikira desiki lake. Ndimafuna kumuuza kuti abwere madzulo, mtedza uja sitinamalize kuswa. Ndinangoyamba, "Nda..."

Anandiyang'ana m'maso, osakwiya, osamwetulira.

"Ndine Ndaziona, Madamu. Phunzitsani, nthawi ikupita."

Ndinatembenukira ku bolodi. Choko chinathyoka kawiri ndisanamalize kulemba deti.