Musadule chitsamba cha pakhomo pa atate

Okondedwa alongo anga a Getrude,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Madzimoyo, inu ndi ana? Ine kuno ku Joni ndili gwa, kungoti chisanu chandisweratu milomo.

Tiyanjane, mwana wa amalume, wafika ndi basi sabata yatha ndipo wandiuza nkhani ziwiri. Yoyamba, akuti adokotala ku Chipata anena kuti maso a atate mwina sadzaonanso pofika chaka chamawa, pano akungozindikira zinthu zoyera. Yachiwiri, akuti alamu a Gabrieli anola chikwanje kuti adule chitsamba chija ndinadzala pakhomo pa atate zaka zitatu zapitazo, ati chauma.

Sichinaume ayi, chimangoyoyola masamba nthawi yachisanu. Kandani khungwa ndi chikhadabo, muona mkati muli biriwiri. Alamu ndi akatswiri pa thonje, sindikana, koma ili si thonje loti ukakolola uzule mitengo n'kutentha. Maluwa ake amatuluka pa nthambi za chaka chatha, ndiye ukadula tsopano wadula maluwa.

Ndikudziwa chimene ndikunena. Chaka chatha mwana wa mayi amene ndimawasamalira maluwa anandilamula kuti ndigwetse mzere wonse wa zitsamba zomwezi. Ndinakana. Anakalipa, nati ngati sizichita maluwa pofika Seputembala ndilongedze katundu. Masabata asanu ndi limodzi ndinkangoyang'ana nthambi mtima uli m'mwamba. Kenako zinayera mbee, nthambi mpaka kuwerama, odutsa kumaimitsa magalimoto kuti ajambule. Munthu uja anabwera yekha nati, "Matiyasi, undiphunzitse." Ine amene ndinalekera giredi seveni! Pano eni nyumba zinayi za mumsewu wathu sadula kanthu osandifunsa. Ndimanyada, sindibisa.

Pempho langa ndi limodzi, chisiyeni chitsambacho. Chitchingireni ndi minga mbuzi zingakungudze, ikani manyowa owola ndi udzu patsinde, madzi ndowa imodzi kawiri pa sabata. Maluwa akadzayoyoka ndiye alamu adzatenge chikwanje chawo, adzachotse nthambi zokalamba zokhazokha.

Atate sanaonepo ntchito ya manja anga, poti chitsambachi sichinachitepo maluwa, chiyamba chaka chino. Amangomva kuti mwana wawo anasiya khasu kukathirira maluwa a eni. Chikadzayera, mudzawatulutsire mpando m'mawa dzuwa likuwomba, mudzawakhazike pafupi kwambiri. Akadzafunsa kuti choyeracho n'chiyani, mudzawauze kuti zimenezo ndiye ndimachita kuno.

Mundiperekere moni kwa atate, kwa amalume ku Chiparamba, kwa azakhali a ku Kapata ndi kwa ana onse. Alamu musawakalipire, muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Matiyasi