Bwato Lamwa Madzi Athu

Okondedwa ba mulamu,

Mwauka bwanji ku Samfya? Ife ku Chelstone tili bwino, kupatula mutu wanga umene alongo anu auwawitsa. Chiwachotseleni nchito, amangokhalila kukhoma bwato lakale la atate anu lija anabwela nalo pa lole. Mu Lusaka muno nyanja ili kuti?

Dzulo pompi inauma, mwamwayi ndinali nditadzaza dilamu. Pobwela kumsika wa Soweto ndinapeza athila madzi onse m'bwato. Akuti, "Amake Mwila, matabwa amwe, atupe, ming'alu itsekeke." Lelo ana apita kusukulu osasamba!

Chonde tumizani munthu adzalitenge lipite kunyanja. Mukachedwa, malasha adula kuno, ndipo nkhwangwa ndili nayo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mulamu wanu,
Amake Mwila