Amayi, Ine Sindinasese

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndachedwa kukulemberani chifukwa ndimafuna ndikhale ndi nkhani yoti mukaimva mupume. Lero ndili nayo. Koma ndiyamba ndi zapakhomo, paja munkati mlendo waulemu sayamba ndi chimene wadzera.

Achemwali a Mariamu anabereka mwezi wa Ramadani, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Hawa. Ali ndi kachala kopindika ngati kanu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi. Chimanga cha ku Namwera chinachita bwino kumtunda, kumunsi mbozi zinadya. Nandolo ndiye wabereka kwambiri. Madzi anakwera mpaka kumeza dimba lanu la tomato, moti pamene panali mpanda pano pakusambira abakha a eni. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anafa. Denga la khitchini likudonthabe pakona paja, ndaikapo beseni.

Tsopano nkhani ija. Amayi, ndinapita ku Kepu, kupaki ya kunyanja kuja.

Ndilemba kaye zanu monga munandifotokozera, ngati ndalakwitsa pena mundikhululukire. Zaka ziwiri zapitazo gulu la amayi a kumzikiti kwathu linapita kukagona m'matenti kupaki, inu muli wophika. Apaki ali ndi bokosi lachitsulo losungiramo chakudya chifukwa cha anyani, koma Abiti Saidi, wapampando wa gulu wa mpango wobiriwira uja, anakana, nati chakudya chikhale mu tenti yawo. M'mawa onse atakwera boti kupita kuchilumba, inu muli kumadzi kutsuka mbale, anyani anatsegula zipi ya tenti ndi kutenga buledi, shuga ndi mtedza. Munawathamangitsa. Kenako munachita zimene munkachita moyo wanu wonse: munatenga tsache, munasesa zonse, munayalanso mphasa ya Abiti Saidi ndi kutseka zipi, kuti munthu wamkulu asapeze pogona pake pali uve.

Atabwera anapeza tenti yotseka, pansi poyera, chakudya palibe. Munati ndi anyani. Abiti Saidi anati, "Nyani amatsegula zipi? Nyani amasesa?" Gulu lonse linaseka. Anati chakudyacho munapatsa asodzi a m'mudzi wapafupi. Kuyambira tsiku limenelo dzina lanu linali Abiti Nyani. Anakuchotsani pophika pa maliro ndi pa sadaka, inu amene mpunga wanu sunkapserera ngakhale mu mphika wa anthu zana. Achipatala anati chinakutengani ndi kuthamanga kwa magazi. Ine matenda anu ndimawadziwa, amavala mpango wobiriwira.

Pali china chimene simukuchidziwa. Tsiku la maliro anu, ndili kuseri kwa chitseko, ndinamva Abiti Saidi akuuza anzawo kuti, "Muyang'anire mbale zathu, pakhomo pano zinthu zimapita ndi anyani." Inu muli chigonere m'chipinda, asanakunyamuleni n'komwe. Mawu amenewo ndakhala nawo chaka chonse ngati munga wa nsomba pakhosi.

Mwezi wathawu gulu linakonzanso ulendo. Wophika anasowa, poti aliyense amafuna kukwera boti. Anabwera kwa ine. Ndinayang'ana pansi ndi kunena kuti chabwino. Achemwali anandikalipira: "Iwe Patuma, mutu wako ukuyenda? Anthu amene anadya amayi ali moyo, iwe ukawaphikire?" Ine ndinangopitiriza kulongedza miphika. Mukudziwa kuti pakamwa panga mpolemera.

Tinapita pa minibasi, tinakhota tisanafike ku Monkey Bay, msewu wa m'mapiri uja, amayi akuimba njira yonse. Malo aja ndi okongola, Amayi, sindinama. Madzi ake ukaimamo umaona zala zako za kumapazi. Tinakhoma matenti asanu pansi pa mitengo, ndipo tenti ya Abiti Yusufu, mnzanu wakale uja, inagwa kawiri iwo ali m'kati. Masana amayi anasamba ndi zovala zawo, akukuwa ngati ana. Wina anabwereka galasi loonera pansi pa madzi, nanenso ndinaonako. Muli tinsomba tabuluu ndi tachikasu, tikuyenda pakati pa miyala osaopa munthu. Ndinavula galasilo msanga, chifukwa ndinakumbuka kuti inu munafika pamalo pomwepo koma munangoona mbale.

Mlonda wa paki, a Gondwe, anabwera kudzatilangiza kuti chakudya chonse chipite m'bokosi. Abiti Saidi anati, "Bokosi loti aliyense atsegule? Ife tili ndi mbiri yathu, bambo. Chakudya chikhala pamene ndikhale ine." Ponena mawuwo maso anali pa ine. A Gondwe anangopukusa mutu. Pochoka anandipatsa legeni nati, "Chemwali, anyani a kuno saopa munthu, koma ichi amachidziwa. Mukangokoka mphira, ngakhale mulibe mwala, abwerera."

M'mawa mwake, titamwa tiyi, onse anavala majekete oyandamitsa aja. Abiti Saidi anatseka zipi, naitana amayi awiri kuti aone. "Mwaona, ndatseka. Iwe mwana wa Abiti Nyani, abale ako akabwera uwauze kuti lero sitolo sinatsegule." Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Boti linapita.

Anyani anatsika m'phiri boti lisanafike patali. Anakhala pamiyala, chamuna chachikulu chodukakhutu chili patsogolo. Ndinawalondera, Amayi. Ndinaphika mpunga ndi nyemba legeni ili m'khosi, pa zivundikiro ndinatsindikapo miyala. Chikangosuntha chachikulu chija, ndimakoka mphira, chimabwerera. Palibe kanthu kamene kanasowa m'manja mwanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Ndikufuna mudziwe zimenezo.

Kenako boti linatulukira kuseri kwa chilumba. Ndinadikira mpaka nditayamba kuzindikira mpango wobiriwira pakati pa mipango ina. Pamenepo ndinavula legeni ndi kuiika pansi pa beseni. Ndinali ndi nthochi imodzi, yanga, imene anandigawira pa tiyi koma sindinadye. Sindinatenge ya gulu. Ndinakaiika pakhomo pa tenti ya Abiti Saidi, ndinabwerera, ndinakhala pamwala manja ali pamiyendo.

Chodukakhutu chinabwera mosathamanga. Chinadya nthochi, chinanunkhiza pansalu, chinakhala pansi ngati telala. Chinagwira kachitsulo ka zipi ndi zala ziwiri ndi kukoka mpaka pamwamba. Phokoso la zipi ija sindidzaliiwala. Amayi a m'boti anaona zonse, poti anali pafupi, koma madzi anali akadali akuya. Anakuwa, anamenya m'mbali mwa boti, woyendetsa akuwadandaulira kuti akhale pansi. Anyani onse analowa. Wina anatuluka ndi buledi awiri kukhwapa, wina anang'amba shuga ndi mano, kamwana kena kanathawira mumtengo ndi pitikoti ya Abiti Saidi.

Abiti Saidiwo analumphira m'madzi boti lisanaime, ananyowa mpaka m'chiuno. "Patuma! Wangokhala? Thamangitsa, chitsiru iwe!" Sindinanyamuke. Amene anabalalitsa anyaniwo ndi a Gondwe, omwe anabwera akuthamanga.

Kenako tinaona zimene anyani anasiya. Shuga ali mbwee pamchenga, mapepala, makoko a mtedza, mphasa itadetsedwa. Abiti Yusufu, amenenso anaseka nawo tsiku lija, anagwira pakamwa nati, "Subuhanallah. Watsegula zipi ndi nyani, tonse taona. Hawa ananena, ife tinamuseka." Anayamba kulira, jekete likadali m'thupi.

Abiti Saidi sanayang'ane munthu. Anati, "Iwe, tenga tsache usese apa."

Amayi, mukundidziwa. Sindinayankhepo munthu wamkulu chibadwire. Koma ndinaimirira ndi kunena kuti, "Amayi anasesa. Ine sindisesa."

Palibe anandidzudzula. Palibenso anatola tsache kuti awathandize. Anasesa okha, wapampando wathunthu, chitenje chikudontha madzi, nyerere zikuwakwera m'miyendo, amayi onse ataima mozungulira. Ine ndinawayang'ana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ndikudziwa zimene mukananena. Munkati mkwiyo ndi khala la moto, limatentha woyamba wolifumbata. Linditenthe, Amayi. Inu munaliponya pansi, ndipo anakupondani nalo.

Chimodzi chokha chikundivuta. A Gondwe atandifunsa za legeni ndinawauza zoona, za nthochi zomwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Musadzachitenso. Nyani akazolowera kupatsidwa ndi anthu amayamba kuluma, ndipo mapeto ake timamuwombera." Chodukakhutu chija chinakuchitirani umboni umene anthu opemphera anakana kuchita. Ndikupempha Mulungu kuti chisafe chifukwa cha nthochi yanga.

Chibwerereni, amayi a gulu akubwera pakhomo mmodzimmodzi. Amanyamula kamwana kathu kaja, Hawa, amatchula dzina lanu bwinobwino, ena apempha kudzaphika pa sadaka yanu mwezi wamawa. Ndawalola. Abiti Saidi okha sanabwere. Anatumiza paketi ya shuga kudzera kwa Abiti Yusufu, popanda mawu alionse. Ndinaibweza tsiku lomwelo. Sanakubereni shuga, anakuberani dzina, ndipo dzina salibweza m'pepala.

Ndiye lonjezo langa ndi ili. Pa sadaka yanu adzabwera, chifukwa wapampando sangajombe anthu osamufunsa. Sadzagwira mphika, sadzagwira chikombe cha mpunga, mpaka ataimirira pamaso pa amayi onse ndi kunena ndi pakamwa pawo kuti Hawa sanabe. Akadzakana, ndinatola pepala la shuga la kupaki lija, lili ndi mabowo a mano a nyani. Ndalipinda bwino, lili m'sutikesi yanu pansi pa mpango wanu woyera. Ena onse akamadzalandira mpunga, iwo ndidzawaikira limenelo m'mbale, ndi manja awiri, nditagwada, monga munandiphunzitsira.

Gonani bwino, Amayi. Dzina lanu ndikulisamala ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Patuma