Utsi wa Apongozi

Loweruka, pakati pa Okutobala.

Lero kwatentha, Chipata yense ngati mu uvuni. Kompyuta ija ndinalumikiza ndekha yazima katatu ndisanamalize kutaipa mayeso a ana anga a giredi 7. Nditatsegula bokosi lake ndinapeza mafani onse atatu akuzungulira bwinobwino, koma mkatimo muli moto.

Apongozi aamuna, amene abwera kuchokera ku Chiparamba kudzapimitsa maso, anakhala pampando akundiona ndikuvutika. Kenako anati, "Akamwini, mphepo ikulowera pati, nanga ikutulukira pati?"

Ine ndinati, "Izi n'zamagetsi, apongozi." Manyazi akundigwira polemba mawu amenewa.

Anapempha koyilo wa udzudzu, n'kuyatsa, n'kumuyandikiza kutsogolo kwa bokosi. Utsi unalowa. Anapita naye kumbuyo, utsi unalowanso. Kani mafani onse ndinawamanga mopemerera mkati!

"Chigafa chotere, fodya amaolera momwemo," anatero. "Wakumbuyoyu mutembenuzeni. Bokosilonso lichotseni kukhomako, lizipuma."

Ndinamasula, n'kutembenuza. Utsi unalowera kutsogolo n'kutulukira kumbuyo, mzere umodzi osakhota. Mpaka dzuwa kulowa kompyuta sinazimenso.

Munthu ameneyu sanakhudzepo kompyuta chibadwire, koma mphepo amaidziwa ngati mnansi wake. Zaka zonsezi ndimangowaona ngati mlimi wa fodya basi. Mawa akubwerera kumudzi, ndipo kupepesa sindikudziwa poyambira. Mwina ndingowafunsa mmene amamangira chigafa, iwo azifotokoza, ine nditseke pakamwa kamodzi kokha...