Mbendera ya Bambo Ikubwera pa Njinga

Marietta, Ohio

Wokondedwa mlongo wanga Wendell,

Ukukumbukira kanjinga kamoto kofiira kamene unagula utatchetcha udzu wa anthu chilimwe chonse? Unangokaliza kamodzi pabwalo. Bambo anatuluka m'galaja ndi nyundo, maso ali psuu, n'kukaphwanya mpaka mafuta anayenderera pa simenti. Mayi anatikokera m'nyumba akunong'ona kuti si bambo ayi, ndi nkhondo. Chaka chisanathe iwe unachoka. Zimenezi sizikundichoka m'mutu mlungu wonse uno.

Koma ndikufunse kaye, uli bwanji ku Montana kumeneko? Nanga alamu anga a Darlene ndi ana? Bondo lija linasiya kuvuta? Ine ndilipo, kungoti nyumba yakula.

Bambo tinawaika Loweruka. Unanena pa foni kuti subwera, ndipo sindikukutsutsa. Okonza maliro anandifunsa ngati ndikufuna anthu a njinga zamoto aja amene amaperekeza asilikali akale mwaulere. Akuti sabwera pokhapokha banja liwaitane. Ndinavomera. Mwina ndinkangoopa kuima kumanda ndili ndi abusa ndi azakhali a Verna basi.

Anabweradi, mpaka kudzaza bwalo la tchalitchi. Madoda a ndevu zoyera ndi mimba zawo, amayi angapo, onse m'majekete achikopa. Anaima mizere iwiri atagwira mbendera, mvula ikuwaza, osasuntha. Ndikudutsa ndinamva wina akufunsa mnzake chapansipansi ngati dzina la malemuwo linali Delbert kapena Delmar. Azakhali anandigunyuza n'kunena kuti bambo akanadzuka m'bokosimo akanayamba n'kufunsa kumene kuli nyundo. Ndinaseka pa maliro a bambo anga, Wendell.

Kenako analiza njinga zonse pamodzi n'kuuyamba wa kumanda, ife tili pambuyo. Magalimoto ankapatuka, azibambo m'mbali mwa msewu ankavula zipewa. Ine maganizo anali pa maliro a mayi. Tinali angati tsiku lija? Mabenchi akutsogolo okha sitinadzaze. Mayi amene ankamata nsalu pa zitseko za makabati kuti zisamveke, amene ankagona m'mphepete mwa bedi ngati mlendo. Bambo anakhala ku nkhondo ya ku Vietnam chaka chimodzi. Mayi anakhala mu nkhondo yomweyo mpaka kufa, koma palibe anawavulira chipewa.

Kumanda analiza lipenga, asilikali awiri achinyamata n'kupinda mbendera ya pabokosi m'ngodya zitatu. Mmodzi anagwada pamaso panga, anaiika m'manja mwanga, nathokoza m'dzina la dziko. Ndikuchita manyazi kukuuza kuti mtima wanga unafewa. Ndinaganiza kuti tsopano wina waona. Waona ntchito imene ndinasiya ku Columbus, waona zaka zonsezi ndikuwasambitsa ndi kuwadyetsa uku akunditukwana.

Anthu akubalalika, mtsogoleri wa a njinga anabwera atafumbata chipewa. Dzina lake ndi Boyd Tackett, chimunthu chachikulu cholankhula mofatsa. Ndi yekhayo amene ankawadziwa bambo. Anati masiku amene ndinkawasiya ku holo ya asilikali akale, bambo sankakhalitsa m'kati. Ankatuluka n'kumazungulira njinga zoimikidwa panja, kuzisisita, n'kumawanyoza eni ake kuti izi n'zigayo chabe, mnyamata wawo ali nayo yoposa zonsezi. Ndiye tsiku lina bambo anamugwira Boyd dzanja kuti alonjeze: akadzamwalira, mbendera ipite kwa mnyamatayo, ndipo ipite pa njinga.

Boyd ataona nkhope yanga anapepesa, akuti ankayesa ndikudziwa.

Ndinamufunsa ngati bambo ananenapo chilichonse cha ine. Sindikanayenera kufunsa. Anati bambo ankanena kuti ndimaumira mchere. Azakhali anatsonya pomwepo. Anati mwana wapafupi ndi kansalu kopukutira mbale, wakutali ndi chithunzi cha pakhoma. Anamuuzanso Boyd kuti iye ndi gulu lake la nkhalamba akayambe kusintha matewera a asilikali amoyo asanathamangire akufa. Boyd anangoti inde mayi, mukunena zoona.

Kenako Boyd anandiuza kuti mbenderayo ndi yanga, palibe angandilande. Ndinapita nayo kunyumba n'kuiika pa tebulo lodyera. Chiyambire tsiku limenelo ndikudyera choimirira pa sinki. Ndadzifunsa ngati ndine wa mtima waung'ono, kuchitira nsanje mlongo wanga chifukwa cha nsalu. Mwina ndine. Mabuku onse amene ndinawerenga ku yunivesite sanandithandizepo pa funso limeneli. Anthu a njinga ajanso sindikudziwa ngati ndiwathokoze kapena ndiwakwiyire. Ananyowa ndi mvula chifukwa cha munthu amene ife tinkamuthawa.

Tsono mbendera ikubwera. Boyd akaisiya kumalire a Indiana, kumeneko aitenga ena, choncho mpaka kwanu, dzanja ndi dzanja. Ndawapempha kuti akafika pa msewu wanu akazime njinga, ndipo avomera.

Pempho langa ndi limodzi: ukatsegule chitseko, ukailandire. Sindikuti uwakhululukire bambo. Inenso sindinafikepo pamenepo. Koma anthu amenewa saisiya pakhonde ndipo saitumiza pa positi. Ukaikana, aibweza njira yonseyo mpaka m'manja mwanga, ndiye ndidzakhala nditapatsidwa kawiri chinthu chimene mwini wake sanafune kuti chikhale changa. Zimenezo sindingazipirire, Wendell. Ukaiike m'kabati, m'galaja, kulikonse. Ine ndinanyamula bambo. Iwe nyamulako nsalu.

Undiperekere moni kwa a Darlene, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo akadalipo. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni nyumba imene zitseko zake zimatsekedwa mopanda mantha.

Boyd wafika, ndikumuona pa windo. Wazimira njinga kumsewu osauzidwa ndipo akudikira pansi pa mtengo wa mayi uja. Ndikupinda mapepalawa pawiri basi, kupinda kwa ngodya zitatu sindikudziwa. Ndikamupatsa pamodzi ndi mbendera, kenako ndikapukute tebulo.

Ndine mlongo wako,
Lorene